Kamera Yosaona Njinga

Hélder anali pamakwerero m'mbali mwa msewu wa ku Cassacatiza, akuwongola kamera yowerenga matirikula, manambala a magalimoto. Mayi Anastácia anaima pansi atanyamula chiwongolero chopindika cha njinga.

"Bambo, akuti chinthu chanuchi sichiiwala. Amuna anga anagundidwa ndi galimoto ali pa njinga n'kufera pompano Lachiwiri. Ndiuzeni nambala ya galimotoyo."

Hélder anatsika n'kutsegula kompyuta. Lachiwiri panadutsa magalimoto makumi anayi, onse olembedwa bwinobwino. Koma yogundayo inali iti? Kamerayo anaitchera yekha kuti izidumpha njinga ndi oyenda pansi, popeza alibe nambala.

"Pepani amayi, kamerayi siona njinga."

Mayiyo anaiyang'anitsitsa m'mwambamo.

"Ndiye pano ndaimapa, inenso siikundiona?"

Hélder anangoyamba kupinda makwerero.