Mausi ya pa Fani

Mliri utatseketsa maofesi, m'nyumbamo munali tebulo limodzi ndi chipinda chimodzi chotsekeka bwino. Zonse ziwiri anatenga ndi bambo a mapasa.

"Ntchito yanga njofuna mutu," anatero. "Yakoyo ndi kungoyankha mafoni."

Make mapasa sanatsutse. Anaika laputopu pa thabwa lositira, kukhitchini, pafupi ndi sinki. Mahedifoni m'makutu. Mwana wina kumsana, wina akukoka waya. Makasitomala a inshuwalansi akudandaula, iye akupepesa, mapasa akuyankhira kumbuyo ngati kwaya.

Abwana ake ankamvetsera mafoni onse. Tsiku lina m'mawa anaimba okha.

"Mayi, munthu akufunsa za galimoto yake yogundidwa, inu mukumuuza kuti 'lavula, lavula'?"

"Ndimauza mwana, abwana. Anatola sopo."

"Ndikadzamvanso mwana, mudzabweze laputopu."

Make mapasa anagoneka ana, napita kukapempha chipindacho. Masana okha basi. Anagogoda. Zii. Anakankha chitseko.

Makatani otseka. Bambo a mapasa ali gada pabedi, kukamwa yasa, mkonono ngati jenereta. Patebulo fani ikutembenuka uku ndi uku. Ku khosi kwa faniyo anamangirirako mausi ya kompyuta ndi chingwe cha nsapato. Fani ikapita kumanja, mausi kumanja. Ikabwerera, nayo ibwerera. Pa sikirini, kadontho kobiriwira kouza akuofesi kuti munthu ali pantchito kali waliwali.

Make mapasa anaima. Msana ukuwawa. Bulauzi ikununkha mkaka. Mtima unachita kuwira mpaka m'makutu.

Akanatha kukuwa. Akanatha kuthira madzi. Koma laputopu ya bamboyo inalira: akuluakulu akuitana msonkhano wa pa vidiyo.

Anapukuta manja. Anadina kuyankha. Anayatsa kamera, natembenuza laputopu bwinobwino kuti bedi ndi fani zikwanemo zonse.

Nkhope zinatulukira m'timabokosi.

"Mwaswera bwanji, mabwana? Ndine mkazi wawo. Wantchito wanu ndi uyu," analoza fani. "Sajomba, sapuma. Agonawo amangomuyang'anira."

Wina anaphulika kuseka, nazimitsa kamera yake msanga. Mkulu wa onse, wadazi, anavula magalasi.

"Mayi, tawadzutsani."

"Pepani, bwana. Akakhala pantchito sindiloledwa kuwasokoneza."

Wadaziyo anaitana yekha. Anaitananso mokweza. Bambo a mapasa anadzambatuka, dovu patsaya, mizere ya pilo pankhope. Anayang'ana sikirini. Anayang'ana fani. Anayang'ana mkazi wake.

"Bwana, netiweki..."

"Netiweki ili bwinobwino. Tikukuonani mpaka mabowo a vesiti. Imani kaye ntchito, tidzakuitanani."

Sikirini inada.

"Wandipha, mkazi iwe."

"Simunafe. Mwangodzuka."

"Nanga tidya chiyani akandichotsa?"

Funsolo linamulasa Make mapasa. Anadziwa kuti mwina tsopano nyumba yonse yatsamira pa mahedifoni ake. Koma chisoni sichinabwere. Anachifuna, osachipeza.

Anamasula mausi, nawapatsa chingwe chawo m'manja. Anakatenga laputopu yake kukhitchini. Ana anali atayamba kale kulira.

"Matewera ali pachingwe. Wamkuluyo amaluma."

Anawatulutsa bambowo, nakhoma chitseko. Anakhala pampando weniweni, wokhala ndi potsamira. Foni inalira.

"Zikomo poimba. Ndikuthandizeni chiyani?"

Kasitomala anafotokoza nkhani yake yonse, mpaka kumapeto, ndipo anamumva liwu lililonse.