Khadi Lachilendo Pakati pa Mapatisipo

M'mawa wa tsiku la mayeso a Chigiriki, mkazi wa wophunzira zaubusa anakhala pathebulo la kukhitchini m'nyumba yawo ya pasukulu atagwira mulu wa makhadi, monga ankachitira kwa zaka ziwiri. Iye ankakweza khadi, mwamuna wake n'kumayankha uku akusita malaya.

Sabata imeneyo inali ya mapatisipo, aneni aja amene mwamunayo ankati ndi ankhope ziwiri: pena akufotokoza munthu, pena akunena nthawi kapena chifukwa. Akalephera mayesowa, kudzozedwa kudikira chaka china.

Chimene mwamunayo sankadziwa n'chakuti munthu sungakweze makhadi zaka ziwiri osaloweza zilembo zake. Mkaziyo ankawerenga Chigiriki bwinobwino, tanthauzo lokha ndi limene linkamudutsa. Sanaulule. Ankafuna adzamudabwitse tsiku lomaliza maphunziro.

Khadi lotsatira linali la inki yobiriwira, dzanja lachilendo lopendekera. Analitchula chamumtima. Zilembo zinali Zachigiriki, koma mawuwo anali a chinenero chawo chomwe.

"Tiyeni nazoni mayi, nthawi," anatero mwamunayo osacheuka.

"Ili likundivuta, abusa. Ndikuwerengereni?"

"Inu muwerenge?" Anaseka. "Kwezani ndione."

Mkaziyo anawerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. "Wokondedwa, mayeso akatha undipeze kuseri kwa laibulale. Usaope, akunyumbawo izi kwa iwo ndi mapazi a nkhuku."

Simbi inaima pamalo amodzi.

"Ndiye tandiuzeni, abusa. 'Wokondedwa' ameneyu akufotokoza ndani? Akunena nthawi kapena chifukwa?"

"Mayi, ndi zocheza za m'kalasi. Tonse timalemberana choncho poyeserera zilembo."

"Zocheza! Ine kudzuka mbandakucha, mwana kumsana, kukweza timapepala mpaka mkono kuuma, kuti inu muphunzire polembera zibwenzi? Mapazi a nkhuku! Nkhukuyo ndine?"

"Tsitsani mawu, makomawa ndi opyapyala. Aphunzitsi akamva andichotsa sukulu."

"Muopa aphunzitsi. Ine simundiopa."

Fungo la nsalu yopserera linadzaza khitchini. Mwamunayo ananyamula simbi. Pamsana pa malaya oyera panali chilonda chabulauni.

"Walembayu ndi ndani?" anafunsa mkaziyo.

Mwamunayo anazimitsa simbi.

"Ndafunsa kamodzi. Mukanditchulira nokha, tikhala pansi ndi ankhoswe. Ndikakamuona ndi maso anga, mukapeza nyumba ino ili mbee."

Belu la pasukulu linalira. Mwamunayo anayang'ana wotchi, kenako chitseko. Anavala malaya opsawo, n'kuphimba ndi jekete.

"Tikambirana ndikabwera," anatero, natuluka.

Mkaziyo anamvetsera nsapato zake zikutsika masitepe. Anadikira kuti mwina zibwerera. Sizinabwerere.

Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, n'kuitsegula pabedi. Kenako anabereka mwana, natseka chitseko, n'kulunjika njira ya kulaibulale.