Mzungu Amene Anagwira Chanza Pak Darmaji

"Dzanja mukulionali," anatero Pak Darmaji, kapena kuti Bambo Darmaji, atalikweza m'mwamba m'chipinda cha aphunzitsi, "mzungu wa ku Australia analigwira osafunanso kulisiya. Akuti chibwerereni ku Java kuno, Chingerezi chonga changa sanachimvepo."

"Ndiye musalisambenso, Pak," anatero mphunzitsi wa masamu, m'kamwa mutadzaza nthochi yokazinga.

Onse anaseka, mwiniwake n'kuseka kuposa onse. Koma maso a Pak Darmaji ankalambalala pakona pomwe panakhala Bu Lastri, kapena kuti Mayi Lastri.

Nkhani yake inali yotere. Uthenga utabwera woti sukulu itumize mphunzitsi mmodzi wa Chingerezi ku maphunziro a mumzinda wa Madiun, aliyense ankadziwa kuti wopita ndi Bu Lastri, mtsikana wongogwirizira, amene ankafuna satifiketi ya kumeneko kuti mwina boma n'kumulemba ntchito. Tsoka lake, sabata yomweyo ku Madiun kunalinso mpikisano wa mbalame zoimba, ndipo Pak Darmaji anali ndi mbalame yawo, Gareng, imene inkadya bwino kuposa iwo eni. Analowa mu ofesi ya ahedi, anawakumbutsa kuti iwo eni ndi aimvi pantchitoyi, dzina linasintha.

Bu Lastri sanadandaule, ndipo n'chimene chinkawapweteka Pak Darmaji. Anasenza makalasi a Pak Darmaji pamwamba pa ake. Tsiku la ulendo anawathamangira pageti, iwo akumangirira kakhola pa njinga yamoto.

"Pak, mukandifunsireko kwa mzunguyo. Ana adzaza mpaka pakhomo, mabenchi ndi osasunthika, ndikafunsa funso onse amayang'ana zikhadabo. Ndiwayankhulitse bwanji?"

"Zazing'ono zimenezo, mwanangu."

Ku hotela ya maphunzirowo Pak Darmaji anafikadi, tisawanamizire. Anavala malaya a batiki, anamva mapemphero ndi zolankhula za akuluakulu, anajambulitsa ndi gulu pansi pa chinsalu chokhala ndi nkhope ya mzungu wandevu, Bambo Calloway, amene ankayembekezeka kufika mawa lake. Kenako anagwira mnzawo wina paphewa: "Ukamasaina m'kaundula wa obwera, dzanja lizitsetserekera pa dzina langanso." Masiku otsalawo anathera kubwalo la mbalame, akukuwa ndi kuimba mluzu padzuwa. Gareng sanapate kanthu. Anangofufumitsa nthenga n'kumamvetsera anzake. Satifiketi yokha ndiyo inabwera, mnzawo uja atawatengera, dzina litalembedwa ndi inki yagolide.

Munthu sabwera ku ulendo chimanjamanja, choncho aliyense analandira kabokosi ka maswiti a ku Madiun. Bu Lastri analandira chibokosi chachikulu moti anzake anayamba kutsokomola.

"Zikomo, Pak. Nanga funso langa lija anati bwanji?"

Pak Darmaji anakanda kumutu. M'mutu munalibe china koma mbalame.

"Anati... wamanyazi usamuike pakati pa bwalo. Muike pafupi ndi woyankhula, azimvetsera kaye. Usamuyang'anitsitse. Tsiku lina adzatsegula yekha pakamwa."

Umo ndi momwe amaphunzitsira mbalame yaing'ono kuimba. Koma Bu Lastri anagwedeza mutu ngati wamva mawu ochokera kumwamba.

Sabata yotsatira anabwera nkhope ikuwala. "Pak, zikutheka! Ndawakhazika awiriawiri, ine n'kumayang'ana pawindo ngati sindikumva. Kamtsikana kaja ka pabenchi lakumbuyo kayankhula ziganizo ziwiri zathunthu. Mwachita bwino kupita inu. Ine ndikanachita manyazi kufunsa mzungu."

Mawu amenewo anawakhala pachifuwa ngati mpunga wosapsa. Bu Lastri akanawanena, akanawanyoza kumbali, bwenzi atapeza poimira. Satifiketi ija, imene ankati aipachika pakhoma, anaiponya pamwamba pa kabati. Gareng akayamba kuimba m'mawa, ankamuvundikira ndi nsalu.

"Mbalameyi yakulakwirani chiyani?" anafunsa akazi awo.

"Ili ndi phokoso."

"Lero? Zaka zonsezi inali wailesi yanu."

Tsiku lina Pak Darmaji anamupeza Bu Lastri poimika njinga, atanyamula mulu wa makope, theka lake la ana a iwo eni, amene anali asanamalize kuchonga. Anatsimikiza mtima kuti lero ndinena.

"Bu Lastri, za ku Madiun zija..."

"Ee, Pak?"

Anawayang'ana ndi maso oyera, odikira nzeru zina. Ndipo pakamwa, poti n'pozolowera, panayenda pokha.

"Mzungu uja anandipempha kuti ndikhale naye tebulo limodzi pa nkhomaliro."

Anakwera njinga akudzitukwana mpaka kunyumba.

Lamulo la maphunzirowo linali loti wopita akabwera aphunzitse anzake. Ahedi anaitana aphunzitsi a Chingerezi a sukulu zoyandikana, anagula makeke, anabwereka chimkuzamawu cha ku mzikiti. Anabweranso Bu Wuryani, mlangizi wa aphunzitsi m'bomalo, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pa chingwe. Pak Darmaji anali asanamuonepo, ndipo sanadabwe kuti nayenso anawapatsa moni ngati mlendo.

Anayankhula ngati mvula. Anagwetsa mawu akuluakulu a Chingerezi amene anawatola pa chinsalu chija, anaseketsa anthu, anakwezanso dzanja lotchuka lija. Thukuta linkatsikira m'kolala, koma nthawi inkapita, ndipo anayamba kuona kuti awoloka.

Apo m'pamene Bu Lastri anaimirira.

"Pepani, Bu Wuryani, ine sindinapite nawo, koma ndapindula kuposa opita. Ndimati mukadzakumana ndi Bambo Calloway mudzandithokozere. Malangizo amene anapatsa Pak Darmaji okhudza ana amanyazi andithandiza kwambiri."

Anthu anaomba m'manja. Pak Darmaji anayang'ana makeke.

Bu Wuryani anavala magalasi pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Bambo Calloway ake ati? Munthu uja anadwala m'mimba atangotsika ndege ku Surabaya, ku Madiun sanapondeko. Sabata yonse ndinaphunzitsa ndine. Kodi inu, Pak, munkakhala mbali iti?"