Mphini Zomwe Zinasowa pa Chithunzi

Chithunzi chinafika Lachiwiri, m'envulopu yomwe anabweretsa woyendetsa lole ya mkaka. Ndinakachitsegulira kuseri kwa khola la mbuzi, chifukwa makalata a bwenzi langa Greenwell sindinkawerengera pamaso pa amai. Tinajambulitsa awiri ku Lusaka mu Epulo chaka cha 1956, iye atavala jekete lomwe ankapita nalo ku ukalaliki wake wa kunjanji, ine nditavala diresi ya msuweni wanga. Kumbuyo kwake analemba kuti: "Wokongola wanga, Okutobala achedwa." Okutobala unali mwezi wa ukwati wathu.

Nditachitembenuza ndinaima chilili. Mphuno inali yanga, maso anga, ngakhale kampata ka m'mano. Koma mphini zanga zisanu ndi imodzi, zitatu tsaya lililonse, panalibe. Masaya a mtsikana wa papepalayo anali see, ngati dzira.

Mphinizo ananditema ndi azakhali anga kwathu ku Petauke, ndi lumo, n'kupakamo makala osinja, atate asanatisamutsire kuno kufupi ndi Kasisi. Anatemanso imodzi paphewa poyesa ngati lumolo linali lakuthwa. Sindinkaziganizira n'komwe. Tsopano ndinayamba kuwerenga m'mutu atsikana a m'tauni omwe tinakumana nawo tsiku lija. Palibe ndi mmodzi yemwe anali ndi mphini. Ndiye wokongola wakeyo anali uti, ine kapena wa papepala? Ndinaganiza kuti Greenwell ndiye anauza wojambula kuti azifute, ndipo kuti pa tsiku la ukwati adzayang'ana nkhope yanga n'kulakalaka ina ija.

Kutsidya kwa mtsinje kunkakhala Ba Olipa, mai amene anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri kwa dona wina ku Lusaka. Anthu ankati anabwerako ndi kabotolo kamene kamasupula nkhope ngati mbatata yophika, munthu n'kutuluka watsopano. Ankatinso palibe anaonapo tsaya lawo lakumanzere, chifukwa duku ankaimanga mopendekera, n'kuphimba khutu mpaka kuchibwano, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Atsikana pachitsime ankati mwamuna wawo anawatentha chifukwa cha nsanje. Ine ndinali ndi nkhani yangayanga: msilikali wina anawapsompsona pamenepo asanapite kunkhondo osabweranso, ndipo iwo analumbira kuti mphepo yomwe isakhudzepo.

Ndinapitako m'mawa, nditanamizira kukathyola ndiwo. Ndinawapeza akusita ndi simbi ya makala.

"Odi, amai."

"Lowa. Ndiwe Tisauke, wa ukwati wa Okutobala? Ngati ni diresi, sinisoka."

Ndinawapatsa chithunzi. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kuseka mpaka simbi anaiika pamwala.

"Ufuna ufanane na pepala?"

"Nifuna cabe nidziwe ngati zicoka."

"Onse amakamba conco. Khala pansi."

Anatulutsa botololo m'sutikesi, lokulungidwa m'sokosi. Linali laling'ono, lofiirira, lotseka ndi kachitsekerero ka galasi. Atangotsegula, m'nyumba monse munamveka fungo la kuchipatala. Ndinafunsa mafunso ambiri moti anandiopseza kuti andithamangitsa. Anandiuza kuti dona wawo ankaitanitsa mzungu mnzake wochokera ku Joni, amene ankamupaka mankhwalawo ndi thonje, n'kumumata nkhope yonse ndi pulasitala. Dona ankagona masiku angapo m'chipinda chotseka makatani, akumwa supu ndi kabango. Nkhope inkatupa, kenako inkauma n'kuchita nkhanambo, ndipo nkhanambo zikagwa makwinya ankapita nazo.

"Nanga amuna awo anali kukamba ciani?"

"Tinali kuwauza kuti madamu ali na cimfine." Anandikoka dzanja. "Ine nkhope siniyamba nayo. Uli na mphini ina pobisika?"

Ndinawaonetsa ya paphewa. Anatsukapo ndi sopo, n'kuviika kathonje kokulunga pa mtengo wa machesi, n'kudutsitsapo kamodzi kokha. Khungu linayera pomwepo ngati lawazidwa ufa. Poyamba sindinamve kanthu. Kenako moto unayaka, ndipo ndinaluma nsonga ya chitenje kuti ndisakuwe.

"Osanyowetsa, osakanda, osaonetsa dzuwa," anatero akumata pulasitala. "Ubwere pakapita Masondo atatu. Ukakondwa nazo, nizapaka nkhope tsiku lomwelo."

Masabata atatuwo ndinakhala ngati munthu wosunga mlendo m'thumba. Ndinkasenza mtsuko ndi dzanja limodzi, n'kumauza amai kuti ndili ndi chithupsa. Masana aliwonse ndinkabisala m'munda wa chinangwa ndi kachidutswa ka galasi, n'kumasuzumira. Panatupa, panada, panauma. Tsiku lachisanu ndi chinayi nkhanambo inagwa, ndipo pansi pake panali khungu lofiira, lofewa ngati la mwana wa mbewa. Ndinasangalala kwambiri moti ndinayamba kukonza mawu amene Greenwell adzanene akadzandivundukula nsalu m'tchalitchi.

Koma kufiirako kutayamba kuzilala, mtundu wanga sunabwerere. Panatsala banga loyera, lalikulu ngati chala chamanthu, ndipo pakati pake mphini ija inali ikadalipo, yakuda kuposa kale. Ndinadziuza kuti mwina ikufuna kupakidwa kachiwiri. Mwina pankhope zimayenda mosiyana.

Lolemba lotsatira Sondo lachitatu ndinawoloka mtsinje. Ba Olipa ananditengera pakhomo pomwe panali kuwala, n'kuyang'ana phewa langa nthawi yaitali.

"Waona?"

"Mwina mukapakanso kawiri..."

"Makala ali pansi, mwana wanga. Mankhwala yadya pamwamba cabe. Dona anali kucotsa makwinya pa khungu loyera kale. Ine sin'naganize zimenezo."

Anakweza manja n'kumasula duku. Ndinasendera pafupi, chifukwa chinsinsi chomwe mudzi wonse unkachilota chinali kutseguka pamaso pa ine ndekha. Panalibe za msilikali. Kuchokera pakhutu mpaka kuchibwano tsaya linali loyera mawangamawanga, lonyezimira ngati chipsera cha madzi otentha, ndipo pamwamba pake mphini zinayi zinali ndondondo, zonse zamoyo.

"N'napaka katatu," anatero. "Dona atanipatsa botolo popita kwawo, n'nathamanga nalo ku galasi. Sin'nayese paphewa."

"Nanga mulisungira ciani?"

"Nikalitaya, atsikana monga iwe azapita kwa wina amene sayesa. Ndiwe wacisanu." Analiika patebulo pakati pathu. "N'nalonjeza. Ukafuna, nipaka."

Ndinaliyang'ana botololo. Ngakhale pamenepo, kamtima kena kankafunabe kudziwa kuti nkhope yanga ingaoneke bwanji. Ndinagwira tsaya langa, n'kumva timizere titatu tija pansi pa zala. Ndinatenga sokosi ija ndekha, n'kulikulunga, n'kuwabwezera.

Komabe funso langa linali lisanayankhidwe. Loweruka Greenwell anabwera pa njinga, thalauza atalimanga ndi timphira kuti lisakodwe m'tcheni. Atapereka moni kwa makolo, ndinamuperekeza mpaka pamtengo wa mkuyu, mng'ono wa amai akutiyang'anira chapatali. Ndinatulutsa chithunzi.

"A Greenwell, munamuuza ciani wojambula uja?"

"N'namuuza kuti acite bwino. Cifukwa?"

"Yang'anani nkhope yanga apo."

Anayang'ana. "Ni yabwino."

"Yang'ananinso. Manje yang'anani ine."

Maso ake anapita papepala, pa ine, papepala. Kenako anatsegula pakamwa.

"A-a! Mphini zako zili kuti?"

"Nifunsa inu."

"Iyayi, ine sin'naone! Canga mwezi wonse cili m'thumba la jekete!" Anachiyandikitsa kumaso, n'kuchipendeketsa padzuwa. "Ni pensulo iyi. Uja amakonza aliyense asanatsuke zithunzi, afune asafune. Ona, na ine anicotsa cipsera ca pacipumi, cija n'nagwa pa ngolo. Wakuba uyu!"

Ndinayang'ana, ndipo zinali zoona. Masabata onsewo ndinali ndisanayang'anepo nkhope yake pa chithunzicho.

"Nanga mwezi wonse munali kuyang'ana ciani?"

"Kampata ka m'mano," anayankha mwamanyazi, akukanda chishalo cha njinga ndi chala.

Ndinatsitsa pang'ono bulauzi paphewa n'kumuonetsa banga lija. Ndinamuuza za botolo, koma za duku sindinanene, ndipo sindinauzepo munthu pamene Ba Olipa anali moyo. Anafunsa ngati zinawawa. Ndinati kwambiri. Anafunsa ngati bangalo lidzachoka. Ndinati ayi.

"Tsono Loweruka likubwera tipite tikajambulitsenso," anatero. "Nizaima pambuyo pake mpaka atsirize. Akangogwira pensulo, nimulanda."