Lole Yadutsa Matumba a Mayi Elesi

"Lole yadutsa pano ine ndikuyang'ana, osaima!" anakalipa Mayi Elesi, mwana wawo Lena asanatsike n'komwe panjinga yamoto.

Matumba awo a mtedza anali m'mbali mwa msewu wa ku Chipangali. Dzuwa linkaswa mtengo, koma kum'mawa mitambo ya mvula yoyamba inali itada bii. Mtedza ukanyowa umachita chuku, ndipo ogula amaukana.

Lena ndiye anapanga pulogalamu ya pafoni yoitanira lole ya gulu la alimi. Anaipangira pakompyuta yaikulu ya ku ofesi ku Chipata, kumene mabatani awiri oyandikana, "Tumizani" ndi "Fufutani", ankaoneka bwinobwino.

"Amayi, pempho lanu la lole mwalifufuta nokha. Kompyuta ikuonetsa choncho. Vuto lanu simuwerenga musanadine."

"Iwe, amene anakugwiritsa pensulo koyamba ndani? Timabatani tako tangokhala ngati nsabwe. Chala changachi chimakumba mtedza, si singano ayi."

"Nanga ena akutha bwanji?"

"Ena ati? A Matiyasi ndi alimi anzawo amangoimbira dalaivala. Chitsiru ndine, ndinati ndigwiritse ntchito chinthu cha mwana wanga kuti anthu aone."

Lena anatambasula dzanja. Anawatsomphola foni ija.

"Bweretsani, ndikuonetseni."

Galasi la foniyo linali ndi mng'alu pakona, ndipo padzuwapo zilembo zinazimiririka. Ku ofesi Lena ankaloza ndi mausi ya kompyuta, atakhala pampando, mumthunzi. Pano dzanja limodzi linatchinga dzuwa, lina linagwira foni, mphepo n'kumamuthira fumbi m'maso. Tsamba la pulogalamuyo silinakwane pagalasi. Analikokera kumbali, nalembanso dzina la mudzi ndi matumba, kenako anadina ndi chala chachikulu.

Foni inalemba kuti: "Mwafufuta." Sinafunse n'komwe ngati akutsimikiza.

Mayi Elesi anasuzumira paphewa pake.

"Tawerenga mokweza, aphunzitsi. Ife maso anatha."

Lena anakukuta mano. Ankafuna kuimenyetsa pansi foniyo, koma sinali yake, ndipo batanilo analiika pamenepo ndi iye mwini. Dontho loyamba linagwera pagalasi.

Anaimbira a Matiyasi kupempha nambala ya dalaivala. Dalaivalayo anati abweranso mawa, ngati msewu sutereka.

Lena anavula nsapato za ku ofesi n'kuloza khonde la golosale ya kutsidya, poti asungepo matumba kuti asanyowe.

"Pulogalamuyi ndiikonza, Amayi. Koma foni yanuyi ndiitenga, ndikakonzere pagalasi lake laling'onoli."

"Uyambe wanyamula," anatero mayi ake, akumusenzetsa thumba loyamba.