Mzere Wowongoka pa Mtsinje wa Han

Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa jogalafe ku Hanyang. Mtsinje wa Han ndinkaudziwa kuyambira kumapiri a ku Shaanxi mpaka kwathu kuno, kumene umathira mu mtsinje waukulu wa Yangtze. Ndinkaudziwa pa mapu. Kusambira ndinaphunzirira m'dziwe la pasukulu, la madzi olekeza m'chifuwa.

Nditapuma pa ntchito ndinayamba kutsikira ku masitepe a kumtsinje m'mawa uliwonse, kumene nkhalamba zinzanga zimasambira kuwolokera tsidya lina, ku Hankou. Sindinkatsata madzi ayi. Ndinkatsata Mayi Qiu, mayi wamasiye amene ankasiya amuna onse kumbuyo posambira. Ndinkawafuna ukwati, sindibisa, koma kufunsira kumene ndinkakudziwa ine kunali kuphunzitsa.

"Mukudziwa, Mayi Qiu, kuti dzina la mtundu wathu wa Han linachokera ku mtsinje uno? Komanso kale Hankou ndi Hanyang unali mtunda umodzi. Mtsinjewu utasintha njira ndi pamene..."

"Aphunzitsi Tu, tagwirani thaulo langali."

Thaulolo ndinaligwira zaka ziwiri. Tsiku lina a Ruan, omwe kale ankayendetsa basi, anandilasa pagulu: "Achimwene, inu mumasambira ndi pakamwa. Mayiwa sangalole mwamuna wa kabudula wouma."

Mawa lake ndinafika ndi kabudula watsopano, choyandamitsa chofiira nditamangirira chingwe chake m'chiuno. Anzangawo amayamba ayenda kumtunda kwa mtsinje asanalowe, kuti madzi aziwakankha mpaka akafike pa masitepe a tsidya linalo. Ine katswiri ndinaona kuti kumeneko n'kuzungulira chabe. Njira yachidule ndi mzere wowongoka.

"Musalowere pamenepo," anatero Mayi Qiu. "Madzi akakutulani kumene mitsinje ikumana."

Ndinamwetulira monga ndinkachitira mwana akaphonya yankho, n'kulowa.

Pofika pakati, Hankou anali akundidutsa ngati ndili pa basi. Ndinapalasa, ndinamwa madzi, ndinapalasanso. Kenako ndinaona malo amene ndinkawajambula pa bolodi ndi choko cha mitundu iwiri, pamene madzi oyera a Han amakumana ndi amatope a Yangtze. Ndinachita mantha oti sindinawamvepo chibadwire. Chingwe cha m'chiuno chinakungika. Anali Mayi Qiu, ndipo anandikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

Pamtunda ndinasanza madzi, a Ruan akuseka mpaka kukhala pansi. Ndinayesa kupepuza nkhani: "Bola mtsinje wa makolo ndaulawa."

Mayi Qiu sanaseke. 

"Amuna anga anamira pomwepaja," anatero motsitsa mawu. "Thupi lawo sitinalipeze. Zaka ziwiri mwakhala mukundiuza mbiri ya mtsinjewu, Aphunzitsi, koma simunandifunseko n'kamodzi komwe chimene ndimadzera kuno."

Ndinatsegula pakamwa, poti ndi chizolowezi, koma iwo anatembenuka n'kukwera masitepe okha.