Moto wa Pansi pa Dambo la Mayi

Ndinachoka ku Zomba mu Meyi 1981 kudzaika maliro a mayi anga, a Ajira, ndipo ku koleji sindinabwererenso. Anthu akandifunsa ngati sukulu yatha ndinkangoti eya. Kwa ine inali itathadi.

Mudzi wathu uli kummwera kwa boma la Mangochi, kufupi ndi pomwe Shire amalowera m'nyanja ya Malombe. Kuseri kwa nyumba kuli dambo la gumbwa ndi mlulu. Nthaka yake si dothi lenileni, koma mizu ndi masamba ovunda a zaka zosawerengeka, yakuda bii, yofewa, moti ukalumpha pano mnzako ali apo amagwedezeka. Mayi ankamwetamo mlulu, koma ngodya ya kummawa, pomwe atsekwe ankaikira mazira, sankalola munthu kuyikhudza. Ankaitchula kuti kuchipinda kwa alendo. Chimene anandisiyira chamoyo chinali ngodya imeneyo basi.

Sadaka ya masiku makumi anayi itangodutsa, amjomba anga Che Mustapha, mlongo wawo wa mayi, anakumba ngalande yochotsa madzi m'dambomo kuti adzalemo chimanga. Nzeruyo anaimva kwa mlangizi wina wodutsa panjinga. Atcheyamani a chipani anabwera kudzaona, nayamika ngalandeyo pamsonkhano kuti ndicho chitukuko, azimayi mpaka kuyimba. Ine, amene ndinali nditawerenga za madambo zaka ziwiri zathunthu, ndinagona pamkeka kuyang'ana tsindwi. Ndinkati aliyense atenge chimene akufuna, poti mayi anatengedwa kale.

Mu Okotobala amjomba anatentha gumbwa wouma yemwe anasenga. Motowo unazima tsiku lomwelo, koma patatha masabata atatu utsi unkatulukabe m'ming'alu, wonunkha ngati chiguduli chonyowa. Kenako nthochi za m'mphepete zinayamba kugwa zokha, mizu itapsa, masamba akadali obiriwira. Amjomba anaganiza za anthu oipa mtima, nayamba kuwerenga amene sanawapatse moni chaka chimenecho.

Anabwera a Gilford, mkulu wa achinyamata a chipani, ndi gulu lawo, ndowa kumutu. Anali atavala nsapato zatsopano zogula ku Blantyre, ndipo ankayenda mokweza mapazi kuti tizione. Anathira madzi paliponse pomwe pankafuka, nalengeza kuti moto wagonja. Ali chilankhulire, pansi panabowoka, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Pouzula, nsapato inatsala momwemo. Anailondola ndi ndodo, inatuluka itapindika ngati usipa wokazinga.

Mayi anga aang'ono a Esime anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha, anapukuta misozi ndi nsalu nanditembenukira.

"Iwe Uladi, vula zako nawenso. Moto uwu suonedwa ndi maso, umamvedwa ndi mapazi. Amako sanakuphunzitse?"

Ndinavula. Tinayenda awiri pang'onopang'ono, iwo patsogolo, ndipo paliponse pomwe nthaka inkafunda kuphazi tinkazika bango. Pofika masana mabango aja anali atajambula njira ya moto: unachoka pamunda wa amjomba, n'kukhota motsata ngalande momwe munauma kwambiri, ndipo unkalunjika kummawa. Panatsala mapazi ngati makumi asanu. Atsekwe awiri anatiyang'ana ali pachithaphwi chotsala, osadziwa kanthu. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi, ndinachita mantha ndi chinthu chimene chinali chisanachitike.

Ndinauza amjomba kuti ndowa sizingathandize. Nthaka yokhayo ndiyo nkhuni, ndipo ingazime pokhapokha itanyowanso kuchokera pansi. Madzi a kasupe omwe ngalande inkathawitsira ku Shire anayenera kutsekedwa kuti abwerere m'dambo. Amjomba anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Mwana wa mlongo wanga, ngalande iyi anayamika ndi atcheyamani. Ukufuna ndikagone kuti? Iwe sukulu unathawa, ine ndithawira kuti?"

Zinandipweteka, koma sankanama. Masiku amenewo munthu ankatha kuitanidwa ku ofesi ya chipani pa nkhani yochepa kuposa imeneyi.

Anatipulumutsa ndi a Gilford, amene anali atakhala pachulu phazi lili mu ndowa. Anafunsa ngati madziwo akatsekedwa adzadikha malo amodzi. Ndinati eya. Anafunsanso ngati madzi odikha kuseri kwa chotchinga si damu. Ndinati mabuku amatero ndithu.

"Ndiye vuto lili pati? Palibe akutseka ngalande ya atcheyamani pano. Tikumanga damu lodzithandiza tokha. Lemba kalata kwa atcheyamani, Chingerezi chako chigwireko ntchito."

Ndinalemba masana omwewo, ndi mawu onse akuluakulu amene ndinabwera nawo ku Zomba. Mmawa mwake mudzi wonse unali m'ngalande. Tinakhoma zikhomo, kupingasa makungwa a nthochi zakugwa zija, kuponda matope. A Esime ankayambitsa nyimbo, a Gilford akulamula ataima ndi nsapato imodzi. Amjomba anagwira khasu kuposa aliyense, ngakhale ankadandaula kuti munthu mmodzi kukumba ndi kukwirira dzenje lomwelo chaka chimodzi ndi matenda.

Madzi anatenga masiku anayi kukwera. Tsiku lachitatu moto unadumpha mabango athu awiri, ndipo sindinadye. Tsiku lachinayi pansi panayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya, utsi n'kusanduka nthunzi yoyera. Ine ndi a Esime tinayendanso ndi mapazi. Malo ofunda omaliza anali mapazi khumi ndi awiri kuchokera pangodya ya kummawa. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, iwo n'kundisiya ndilire, kenako anandiuza kuti ndadetsa buluku lokhalo labwino lomwe ndinali nalo.

Munda wa amjomba unamira wonse. Mvula yoyamba itagwa mu Disembala, milamba inakwera kuchokera ku Malombe kudzaswana, ina n'kutsekeredwa m'ngalande muja. Amjomba anagwira isanu, inayo ndinawaletsa. Lachisanu potuluka mu mzikiti ndinawamva akufotokozera anzawo kuti za chimangazo zinali zongoyambira, iwo cholinga chawo kuyambira kale chinali nsomba.